Kulira kwa Ng'ombe: Kodi Kuphiphiritsa ndi Mantha?

Pali funso limene lakhala likusautsa anthu oganiza mozama m'mibadwo yambiri. Munthu akaona choipa chikuchitika, koma akudziwa kuti kuchitchula poyera kumudzetsera ndende kapena imfa, achite chiyani? Ena amati ayankhule basi, zivute zitani, popeza choonadi n'choposa moyo wa munthu mmodzi. Ena amati atseke pakamwa kuti apulumutse moyo wake ndi wa ana ake. Pakati pa magulu awiriwa pali gulu lachitatu, la anthu amene sayankhula poyera komanso sakhala chete. Iwowa amaphiphiritsa. Amatula zakukhosi kudzera m'nthano, m'mwambi, m'chining'a kapena m'nyimbo, kotero kuti wamakutu amamva koma wofuna kuwagwira amasowa pogwira. Kodi anthu oterewa ndi amantha amene abisala kuseri kwa luso lawo, kapena ndi olimba mtima amene alambula njira pamene padali ziyangoyango? Chimangirizo chino chiyesa kuyankha funsoli pounika mbiri ya chimbale chimodzi cha nyimbo za jazi chimene chidajambulidwa mumzinda wa Johannesburg m'chaka cha 1968.

Mwini chimbalecho adali Winston Mankunku Ngozi, amene adabadwa m'chaka cha 1943 ku Retreat, dera lina la mzinda wa Cape Town m'dziko la South Africa. Iye adakula pa nthawi imene ulamuliro wa tsankho, umene udakhazikitsidwa m'chaka cha 1948, unkazika mizu. Boma la azungu ndilo linkanena kumene munthu wakuda agone, ntchito imene agwire ndi khomo limene alowere. Banja la Mankunku nalo lidachotsedwa ku Retreat mokakamizidwa n'kukakhala ku Gugulethu, malo amene boma lidapatulira anthu akuda. Pa 21 Malichi 1960 apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville pamene anthuwo ankachita zionetsero zokana zitupa. Patangopita milungu yochepa zipani za ANC ndi PAC zidaletsedwa, ndipo m'chaka cha 1964 Nelson Mandela ndi anzake adagamulidwa kukhala m'ndende moyo wawo wonse. Lamulo lina la m'chaka cha 1967 lidapatsa apolisi mphamvu yosunga munthu m'chitokosi popanda malire a nthawi ndiponso popanda kumutengera kubwalo la milandu. Pofika 1968 dziko lidali zii, ngati pamudzi pamene palowa chilombo.

Oimba ambiri otchuka adali atachoka kale. Miriam Makeba adatuluka m'dzikomo m'chaka cha 1959, Hugh Masekela adatsatira mu 1960, ndipo gulu lotchedwa Blue Notes lidanyamuka mu 1964 osabwereranso. Mankunku adatsalira, ndipo kutsalako kudali ndi zowawa zake. Nkhani imene imakambidwa kawirikawiri ndi yakuti m'chaka cha 1964 iye adaitanidwa kukaimba pamodzi ndi gulu la azungu mu holo yaikulu ya mzinda wa Cape Town. Popeza malamulo sankalola wakuda ndi mzungu kuonekera limodzi pamaso pa anthu, iye adaikidwa kuseri kwa chinsalu chotchinga. Anthu adamva kukoma kwa lipenga lake, adaomba m'manja, koma mwini mpweyawo sadamuone. Munthu wochitidwa chipongwe chotere akadzapeza mpata woimba zake, sangasowe chonena.

Chida chimene Mankunku ankaimba ndi sakisofoni, lipenga lamkuwa lopindika limene adalipanga koyamba Adolphe Sax wa ku Belgium m'zaka za m'ma 1840. Pouzira pake pamakhala kabango kopyapyala kamene kamanjenjemera mpweya ukadutsa, ndipo katswiri amatha kulichititsa kunong'ona, kubuula, kuseka ngakhale kufuula ngati munthu. Nyimbo za jazi zidabadwira pakati pa anthu akuda a ku America, zidzukulu za akapolo, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, makamaka mumzinda wa New Orleans. Mwambo wake ndi wakuti oimba amayamba ndi mutu wa nyimbo umene onse akuudziwa. Kenaka mmodzimmodzi amapatsidwa mpata wopeka zake pomwepo, anzake akumusungira mayendedwe a nyimboyo, mpaka onse akumanenso pa mutu uja kumapeto. Munthu amene adaonerapo chimtali m'midzi ya ku Dowa kapena ku Ntchisi sangadabwe nazo zimenezi, pakuti nakonso wotsogolera nyimbo amaponyamo mawu atsopano pamene ovomera ndi oimba ng'oma agwiriza nyimbo kuti isagwe.

Mankunku adasula luso lake pomvetsera kwambiri mbale za John Coltrane, katswiri wa sakisofoni wa ku America amene adamwalira m'chaka cha 1967. Coltrane ndiye adali ataonetsa kale kuti lipenga lingathe kulira maliro a mtundu wonse. Mu Seputembala 1963 anthu atsankho adaphulitsa bomba pa tchalitchi china mumzinda wa Birmingham ndi kupha atsikana anayi. Patapita miyezi iwiri, Coltrane ndi gulu lake adajambula nyimbo yopanda mawu n'kuitcha Alabama, dzina la chigawo chimene mudachitika zoopsazo. Njira yomweyi ndiyo adatsata Mankunku. M'chaka cha 1968, ali ndi zaka 25, adalowa m'nyumba yojambulira mawu pamodzi ndi anzake atatu: Lionel Pillay pa piyano, Agrippa Magwaza pa besi ndi Early Mabuza pa ng'oma. Adajambula nyimbo zinayi, zonse zopanda mawu. Ziwiri zidali za akatswiri a ku America, Horace Silver ndi Coltrane yemwe uja; imodzi idali yolemekeza Coltrane ndi Wayne Shorter; ndipo yotsalayo ndi imene idapereka dzina ku chimbale chonse, Yakhal' Inkomo. Chimbalechi chidagulidwa kwambiri, ndipo chimawerengedwa pakati pa mbale zazikulu m'mbiri ya jazi ya dzikolo.

Dzinali ndi la m'Chixhosa, ndipo Mchewa akalimva angaganize kuti likunena za kukhala pansi. M'chiyankhulocho, monganso m'Chizulu, tsinde limenelo limatanthauza kulira, pamene inkomo ndi ng'ombe, mawu omwe makolo a Angoni a kwa Chiwere adabwera nawo kuchokera kummwera. Tsono dzinalo likungonena kuti ng'ombe yalira. Mnyamata aliyense amene adawetapo ng'ombe m'madambo a ku Mtengowanthenga kapena m'mapiri a ku Ntchisi amadziwa kuti ng'ombe ili ndi maliridwe osiyanasiyana. Imalira ikafuna mwana wake, imalira ikachedwa kutsekuliridwa khola, koma pali kulira kwina kumene kumazizitsa thupi. Ng'ombe imodzi ikaphedwa, zinzake zikamabwera kuchokera kubusa n'kununkhiza pamene pagwera magazi, zimaima, zimapalasa pansi ndi ziboda, n'kuyamba kubuula ndi mawu otsika ndi aatali, osiyana ndi a masiku onse. Sizingamenyane ndi wopha, sizingapite kwa mfumu kukasuma, koma mudzi wonse umadziwa kuti zaona. Kulira kumeneku ndiko Mankunku adakuika m'lipenga lake. Nyimboyo imayenda mosathamanga, ndi mawu okhuthala ngati a nyimbo ya kutchalitchi, kenaka lipenga limakwera, limasasa mawu, limabuula, n'kubwereranso pansi.

Asaganize wowerenga kuti nkhaniyi ndi ya kutali yosakhudza Amalawi. Pa nthawi imene chimbalechi chinkajambulidwa, pansi pa nthaka yozungulira Johannesburg padali amuna zikwizikwi ochokera ku Malawi, amene adatengedwa ndi bungwe la Wenela kukakumba golide. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 chiwerengero chawo chidapitirira 100,000. Iwo ankagona m'makomponi, kutali ndi akazi ndi ana awo, ndipo ena adabwerako ndi chifuwa chosachiritsika pamene ena sadabwereko konse. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo. Midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ili ndi agogo amene adapita ku Joni. Ng'ombe imene idalira m'lipenga la Mankunku inkalirira iwonso.

Tsopano mlandu ungayambe. Oneneza ali ndi mfundo zitatu, ndipo palibe ngakhale imodzi yopeputsa. Yoyamba ndi yakuti nyimbo yopanda mawu sitchula wolakwa. Mkulu wa boma akadamva dzina la chimbalecho akadangoti ndi nyimbo ya abusa a kumudzi, ndipo akadatha kuvina nayo. Ngati wopondereza angamvetsere dandaulo lako ali phee, kodi wadandaula kapena wamusangalatsa? Akuluakulu adati chetechete sautsa nyama, ndipo oneneza amati kulira kopanda mawu sikusiyana kwenikweni ndi chetechete ameneyo. Mfundo yachiwiri ndi yakuti nyimbo zotere zimatonthoza anthu amene sayenera kutonthozedwa. Munthu woponderezedwa akapita kumalo achisangalalo usiku n'kukhetsa misozi pomva lipenga, m'mawa amadzuka mtima utapepuka n'kupitanso kukasenza goli lomwe lija. Mkwiyo umene ukadagwetsa linga watuluka pang'onopang'ono ngati mpweya wa m'tayala la njinga. Mfundo yachitatu ndiyo yowawa koposa: pamene woimba ankalandira ulemu, anthu amene adatchula choipa ndi dzina lake ankaphwanya miyala pa chilumba cha Robben. Kodi n'chilungamo kuwaika onsewa pa muyeso umodzi?

Mfundo zimenezi ziyenera kuyankhidwa mofatsa, ndipo poyambira pabwino ndi pakhomo pomwe. Makolo a Achewa adalidziwa vutoli kalekale, ndipo adalikonzera malo ake. Mayi amene mwamuna wake wagulitsa fodya n'kuthera ndalama zonse ku mowa sankatha kuimirira pabwalo n'kumunyoza pamaso pa anthu. Koma akagwira munsi pamtondo, ankaimba. M'nyimbomo simunkamveka dzina la mwamunayo, komabe apongozi ali pakhonde ankamva, ankhoswe ankamva, mwini nkhani nayenso ankamva. Palibe amene ankamuzenga mlandu mayiyo, chifukwa mwambo udavomereza kuti nyimbo ya pamtondo ili ndi ufulu umene mawu wamba alibe. Gule wamkulu nayenso amadzudzula woledzera, wachiwerewere ndi wonyada kudzera m'zilombo ndi m'nyimbo zake, anthu n'kumaseka uku akudziwa amene akunenedwa. Makolo sadaone kuphiphiritsa kotere ngati mantha. Adakuona ngati khomo limene mudzi umasiyira munthu wopanda mphamvu kuti choonadi chake chisafere m'mimba.

Poyankha mfundo yoyamba ija, tsono, n'kofunika kufunsa kuti dandaulo likupita kwa yani. Mayi wa pamtondo saimbira mwamuna wake yekha, amaimbira mudzi. Chimodzimodzinso Mankunku sankaimbira nduna za ku Pretoria. Ankaimbira anthu a ku Gugulethu, a ku Soweto ndi a ku Langa, ndipo iwo sadasowe womasulira. Ulamuliro wankhanza suopa kwenikweni munthu mmodzi wokwiya. Chimene umalimbikira ndi chakuti aliyense aziganiza kuti ululu wake ndi wa iye yekha, ndi kuti anzake onse ali okhutira. Munthu akakhulupirira zimenezo amayamba kudzikayikira, mwinanso kudziimba mlandu. Koma anthu mazana akakhala m'chipinda chimodzi, lipenga n'kubuula, onse n'kuusa moyo nthawi imodzi, aliyense amazindikira kuti mnzake wa pambaliyo akumva zomwezo. Palibe mawu amene anenedwa, koma bodza lakuti zonse zili bwino lasweka.

Mfundo yachiwiri, yakuti kulira kumaziziritsa mkwiyo, ili ndi choonadi chake, koma imaiwala chinthu china. Tsankho linkafuna kuti munthu wakuda adzione ngati chiweto: wowerengedwa, wodindidwa, wotsekeredwa usiku ndi kutsekuliridwa m'mawa kuti akagwire ntchito. Mankunku adatenga fanizo lomwelo la chiweto n'kulitembenuza. Adaonetsa kuti ngakhale ng'ombe imadziwa kuti mnzake waphedwa, ndipo adakuonetsa ndi luso lapamwamba limene palibe akadalikana. Munthu amene akadali ndi mphamvu yolira sadavomereze kuti zimene zikumuchitikira n'zoyenera. Woopsa ndi amene waleka kulira, amene akaona mnzake akutengedwa amangopitiriza kudya msipu. Anthu otere sangadzuke ngakhale mpata utapezeka, chifukwa chikumbumtima chawo chidafa kale. Misozi siigwetsa linga, koma imasunga wamoyo munthu amene adzaligwetse.

Pa mfundo yachitatu, mbiri ya Malawi yomwe ikupereka umboni wakuti kuphiphiritsa si pobisalira popanda zoopsa. M'chaka chomwecho cha 1968, dziko la Malawi, limene lidali pansi pa chipani chimodzi kuyambira 1966, lidakhazikitsa lamulo lopatsa bungwe la Censorship Board mphamvu younika mabuku, mafilimu, masewero ndi nyimbo. Alembi a ku Chancellor College adaphunzira kulemba mokuluwika, pogwiritsa ntchito nthano za makolo, nyama za m'tchire ndi zochitika za m'chilengedwe. Mmodzi mwa iwo, Jack Mapanje, adatulutsa buku la ndakatulo lotchedwa Of Chameleons and Gods m'chaka cha 1981. Dzina lomwelo likutchula bilimankhwe, kanyama kamene kamasintha maonekedwe kuti kapulumuke. Komabe kusintha maonekedweko sikudamupulumutse. Pa 25 Seputembala 1987 adamangidwa n'kutsekeredwa ku ndende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu, ndipo adatuluka mu Meyi 1991. Olamulira nawonso ali ndi makutu. Wophiphiritsa amayenda m'mphepete mwa phompho, ndipo sadziwa tsiku limene phazi lidzaterereke. N'zoona kuti nsembe yake silingana ndi ya munthu amene adayankhula poyera akudziwa chimene chimudikira, ndipo ulemu waukulu uyenera kupita kwa woteroyo. Koma kuchepa kwa nsembe sikusandutsa munthu kukhala wamantha.

Ngakhale zili choncho, oneneza aja sadagonjetsedwe kotheratu. Kuphiphiritsa kuli ndi malire ake, ndipo amene amakutamanda mopitirira amalakwa. Nyimbo ya pamtondo siithetsa mlandu wa banja. Mlandu umatha pamene ankhoswe, atamva nyimboyo, ayala mphasa, aitana mwamuna ndi mkazi, n'kutchula nkhaniyo momveka. Mneneri Natani wa m'Baibulo atafuna kudzudzula mfumu Davide adayamba ndi fanizo la munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi. Fanizolo lidatsekula mtima wa mfumu, koma Natani sadalekere pomwepo. Mfumu itakwiyira munthu wa m'fanizolo, mneneriyo adailoza n'kuiuza kuti munthuyo adali iyo yomwe. Chikhala kuti adangonena fanizo n'kubwerera kwawo, Davide akadagona tulo tabwino akudziona ngati woweruza wolungama.

Mbiri ikuonetsa kuti ntchito ziwirizi zimatsatana. Ku South Africa, mlakatuli Mongane Wally Serote, amene adakhala m'chitokosi miyezi 9 atamangidwa m'chaka cha 1969, adatulutsa buku lake loyamba la ndakatulo mu 1972 n'kulipatsa dzina lomwelo la nyimbo ya Mankunku. Kulira kumene kudali m'lipenga kudapeza mawu m'buku, ndipo mbadwo wa achinyamata umene udawerenga ndakatulo zoterozo ndi womwe udadzaza misewu ya ku Soweto mu Juni 1976. Ku Malawi, pa 8 Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a mpingo wa Katolika idawerengedwa m'matchalitchi awo m'dziko lonse. Kalatayo idatchula poyera za malipiro ochepa, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za kumanga anthu popanda mlandu ndi za kusowa kwa ufulu woyankhula. Chochititsa chidwi n'chakuti maepiskopiwo sadauze anthu chinthu chachilendo. Adangonena mokweza zimene anthu adakhala akunong'onezana ndi kuphiphiritsa kwa zaka zambiri, ndipo n'chifukwa chake mawuwo adafalikira ngati moto wa m'tchire m'chilimwe. Pa 14 Juni 1993 Amalawi ambiri adavotera ulamuliro wa zipani zambiri. Ophiphiritsa adasunga mbewu m'chikwatu nthawi ya chilala, ndipo oyankhula poyera adaidzala mvula itagwa. Popanda wosunga sipakadakhala chodzala, ndipo popanda wodzala mbewuyo ikadangofumbwa.

Kodi tsono munthu angasiyanitse bwanji kuphiphiritsa kolemekezeka ndi kwamantha? Pali miyeso itatu. Woyamba ndi wa choonadi. Chining'a chiyenera kukuta nkhani yoona, pakuti pali anthu amene amakuluwika mawu pofuna kufalitsa bodza m'njira yoti asagwidwe nalo, ndipo dzina la khalidwe limenelo ndi miseche. Wachiwiri ndi wa cholinga. Wophiphiritsa woona amafuna kuti amvedwe. Amabisa mawu kwa womupweteka yekha, koma amawasiya poonekera kwa amene angathandize. Amene amakuluwika kotero kuti pasapezeke womumva, n'cholinga choti mawa adzathe kunena kuti iye adanenapo kale, akudzitchinjiriza yekha. Wachitatu ndi wa mphamvu zimene munthu ali nazo. Mwana wamasiye amene akuzunzidwa ndi omulera akaphiphiritsa, wachita zonse zimene akadatha. Koma mfumu, mphunzitsi wamkulu, m'busa wa mpingo kapena phungu wa nyumba ya malamulo akaona choipa n'kungoponya mwambi, wathawa udindo wake, chifukwa iye ali ndi mpando umene udaikidwira kutchula zinthu ndi maina ake.

Muyeso wachitatuwu ndi wofunika kwambiri masiku ano. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amene adayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1994 amapatsa munthu aliyense ufulu woyankhula zakukhosi. Munthu wophunzira, wa ntchito yake, amene amadziwa kumene kuli apolisi ndi mabwalo a milandu, sangadzifanizire ndi Mankunku kapena Mapanje pamene akulemba mawu okuluwika pa Facebook m'malo mokanena kwa oyenera kuti katundu wa anthu akubedwa. Chitseko chikatsekuka, wopitiriza kuyankhulira pazenera ndiye kuti ali ndi chifukwa china. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Komabe ufulu wolembedwa m'buku sufika pakhomo lililonse tsiku limodzi. M'chaka cha 2017 malamulo aakuluwo adasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja, koma mtsikana amene makolo ake alandira kale ndalama kwa mwamuna sangathe kuwawerengera ndime ya lamulo. Waganyu amene walima munda wonse n'kulipidwa theka la zimene adapangana amadziwa kuti akakweza mawu sadzaitanidwanso. Anthu oterewa akadali kuseri kwa chinsalu, ndipo njira yawo yoyankhulira ndi yomwe ija ya makolo.

Apa ndi pamene funso loyamba lija litembenukira kwa womvera. Anthu amakonda kuweruza wolira kuti bwanji sadanene momveka, koma saweruza amene adamva kulirako n'kudziyesa ogontha. Mtsikana wa Fomu 2 amene kale ankaseka ndi anzake akayamba kukhala yekha kuseri kwa kalasi, akalemba chimangirizo chonena za mbalame yotsekeredwa m'chikwere, kapena akamaimba nyimbo imodzimodzi yachisoni potunga madzi, wanena zimene akadatha kunena. Mnzake wa pa desiki, mphunzitsi wochonga chimangirizocho ndi mayi wa pachitsime alandira uthenga. Kuyambira pamenepo ngongole ili pa iwo. Safunika kuthamangira kubwalo ndi nkhani imene sadaimvetse. Ayenera kuyamba ndi kumuyandikira mwini wake mwaulemu n'kumufunsa, ndipo akapeza kuti nkhaniyo ndi yoona, aitengere kwa amene ali ndi mphamvu yoithetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe.

Pomaliza, yankho la funso lija ndi lakuti kuphiphiritsa pakokha si mantha ndiponso si ungwazi. Kumakhala ungwazi pamene munthu wotsekedwa pakamwa akana kunama, nafuna njira yoti choonadi chifike kwa anzake ngakhale akudziwa kuti angapwetekedwe nacho. Kumakhala mantha pamene munthu amene ali ndi mpata ndi mphamvu zoyankhulira asankha mwambi pofuna kusunga mpando wake. Winston Mankunku Ngozi adamwalira m'chaka cha 2009, ataona tsankho likugwa ndi Mandela akulumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko mu 1994. Lipenga lake silidatsekule ndende ina iliyonse, ndipo iye sadanenepo kuti lidatero. Chimene lidachita ndi kukumbutsa anthu ake, pa nthawi imene kuiwala kudali kosavuta, kuti zimene zinkawachitikira zidali zoyenera kuliridwa. Wophunzira amene akukonzekera kudzakhala mphunzitsi, namwino, mfumu kapena kholo aphunzire maluso onse awiri, lomva mawu okuluwika a wofooka ndi lotchula choipa momveka pamene udindo uli m'manja mwake.